Kuperekeza a Zelman

1975

Ana anga, Chikondi ndi Tiyamike, inu mumandidziwa ngati woyang'anira khitchini ya pakoleji ku College Park, ndipo zithunzi zonse zimene mwasunga ndi za kumeneko, nditavala chipewa choyera chachitali ngati bishopu. Koma ntchito imene inandilera m'dziko lino ndi ina. Ndinaigwira zaka zoposa khumi, ndipo mpaka lero, imvi zili mbuu, pali zina za kumeneko zimene mutu wanga umakana kuzimvetsa.

Ndinabwera ku Washington ngati khukhi wa banja lina la kwathu, limene bambo ake ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu ya mayiko. Nthawi yawo itatha anabwerera ku Blantyre. Ine ndinatsala, chifukwa ndinali nditawaona kale amayi anu akuimba kwaya kutchalitchi, mtsikana wa ku Lusaka wosaopa munthu, ndipo miyendo yanga inakana kukwera ndege. Mapepala atalongosoka, mnzanga wina anandiuza kuti ku Silver Spring kuli deli ikufuna munthu wodziwa mpeni. Ndinavomera ndisakudziwa n'komwe kuti deli n'chiyani. Nditafika ndinasokonezeka kwambiri. Si golosale, si lesitilanti, si tiyirumu, koma zonsezi zili m'chipinda chimodzi. Kumanzere kunali kauntala yagalasi yodzaza nyama zofutsa, tchizi ndi nsomba zouma ndi utsi, kumanja mashelefu a buledi ndi mbiya ya nkhaka za m'viniga, ndipo pakona pafupi ndi chotenthetsera nyumba panali tebulo lozungulira.

Eni ake anali a Morris, Myuda wamfupi wa mawu ngati wolengeza pamsika. Sanandifunse za sukulu kapena kalata ya bwana wakale. Anandipatsa mpeni ndi nyama ya ng'ombe yofukiza imene amaitcha pastrami, n'kuima pambali atapinda manja. Nditadula anatenga kachidutswa, n'kukayang'ana pawindo.

"Wachepetsa kwambiri, Wyson. Kodi ukufuna anthu aziwerenga nyuzipepala kudzera m'nyama yanga? Bwera mawa m'mawa."

M'mawa mwake ndinakumana ndi eni tebulo lija. Ankafika sitolo ikangotsegulidwa, aliyense ndi mpando wake, ndipo ankachoka madzulo. Panali a Zelman, telala wopuma ntchito, wowonda ngati nsungwi, amene akazi awo anali atamwalira. Panali a Booker, munthu wakuda mnzathu amene anayenda ndi makalata a positi moyo wake wonse, ndi a Costa, Mgiriki wa takisi yemwe takisi yake inkakhala panja tsiku lonse ngati ng'ombe yopuma. Ena ankabwera ndi kupita, koma atatuwa ndiwo anali mafuwa. Tsiku loyambalo anayamba kukalipirana, a Zelman akumenya tebulo, a Costa ataimirira nkhope ili psuu. Ndinasiya mpeni n'kuthamanga kuti ndikaleretse, poganiza kuti magazi akhetsedwa. A Morris anandigwira epuloni.

"Ukupita kuti?"

"Bwana, amenyana akuluakuluwa."

"Akukangana za mchere wa m'supu. Asiye. Tsiku limene udzamve kuti ali chete, limenelo ndilo udzaitane ambulansi."

Kwathu munthu wamkulu akakweza mawu chomwecho, mlandu umakhala wa mbuzi. Kuno anamaliza kutukwanana, n'kugawana buledi mmodzi. Zinanditengera miyezi kuti ndisiye kudzidzimuka.

Pang'ono ndi pang'ono ndinaona ntchito ya tebulolo. Mayi amene paipi yamuphulikira ankalowa n'kufunsa patebulo, n'kutuluka ndi dzina la mmisiri. Wofuna kudziwa kuti amene ali m'chipatala ndani, amene mwana wake wasudzulidwa ndani, ankafunsa pomwepo. Munthu akasowa masiku angapo a Morris ankathira supu m'botolo n'kunditumiza kukagogoda. Nyumba yathu yoyamba ija ya lendi tinaipeza chifukwa a Booker ankadziwa khomo lililonse la m'deralo, ndipo kabedi kamene unagonapo iwe Chikondi kanachokera kwa mdzukulu wa a Costa. Pa khofi mmodzi amene ankagula m'mawa, ndi kumangowonjezeredwa tsiku lonse, ine ndinkaona kuti akudyera a Morris masuku pamutu. A Morris ankati popanda iwowo sitoloyo ikanakhala filiji chabe.

1979

Chaka chimenechi petulo anasowa. Magalimoto ankafola pamalo omwetsera kuyambira mbandakucha, ndipo lole yathu ya nyama inkabwera ikafuna. Panali sabata ina imene tinagulitsa mazira, mbatata ndi nkhaka basi. Ndinkaganiza kuti titseka. Koma chodabwitsa n'chakuti sitinadzazepo anthu ngati chaka chimenecho. Anthu analibe kopita, ndiye ankayenda wapansi kubwera kwa ife, ena kukhala pamakatoni, ena kutsamira khoma, onse akudandaula mokondwa. Ngakhale a kwathu, Amalawi ndi Azambia ophunzira ku koleji ndi ogwira m'maofesi, anayamba kubwera Loweruka. Masiku amenewo ife tinkalankhula monong'ona ngakhale tili kutsidya kwa nyanja, poopa kuti makutu a kwathu ndi aatali. A Zelman ankatiyang'ana n'kumapukusa mutu.

"Wyson, abale akowa afedwa? Bwanji akulankhula ngati ali m'kachisi?"

Petulo atabwerera, anthu anapita naye. Sizinachitike tsiku limodzi, chakudza sichiimba ng'oma. Ana a makasitomala athu anagula nyumba kutali, ku Rockville ndi ku Germantown, n'kutenga makolo awo ena. Sitima ya Metro inali itafika kale, ndipo anthu amene kale ankaima kwa ife podikira basi tsopano ankadutsa pawindo akuthamanga, osatembenuka. Masitolo akuluakulu anatsegula makauntala awo a nyama, yokutidwa kale m'pulasitiki. Ine sindinkamvetsa. Nyama yathu inali yomweyo, supu yomweyo, a Morris akadali kukalipira aliyense mwachikondi chomwecho. Ndinkafunsa kuti talakwa chiyani, koma palibe amene ankandiyankha zogwira mtima.

1983

A Morris anagwa kuseri kwa kauntala m'mwezi wachisanu, ndipo sanadzukenso. Ndinalira ngati ndi bambo anga ondibereka. Sitolo inatsala m'manja mwa mwana wawo, Alan. Ndikufuna mumve bwino apa, ana inu: Alan sanali munthu woipa. Anali wofatsa, wophunzira za malonda, ndipo anasiya ntchito yabwino kuti dzina la bambo ake lisafe. Koma eni nyumba anali atakweza lendi, ndipo pafupi nafe panamangidwa maofesi ataliatali. Masana anthu a m'maofesiwo ankabwera ngati dzombe, aliyense akuyang'ana wotchi, kufuna sangweji m'pepala kuti akadyere padesiki pake. Mzere unkafika patebulo lapakona n'kupindika. Atsikana ovala masuti ankapunthwa pa ndodo ya a Zelman, ndipo a Costa ankawafunsa ngati ali pabanja.

Tsiku lina Alan anandiitanira kuseri, pakati pa matumba a anyezi.

"Wyson, nthawi ya nkhomaliro tebulo lija lizikhala lopanda anthu. M'mawa akhale, sindikukana. Koma masana ayi. Muwauze ndinu."

"Ine, bwana? Bwanji osawauza inuyo?"

"A Zelman ndiwo anandisokera suti yanga yoyamba. Anandiona ndili wamaliseche m'beseni. Pakamwa panga sipangatseguke. Inu amakukondani, akumverani."

Ndinafika kunyumba mutu uli balala. Kuthamangitsa mkulu pampando! Mawu ake ndiwayamba bwanji? M'chinenero chathu ndinawafunafuna osawapeza, m'Chingerezi ankatuluka ngati mwano. Amayi anu anandimvetsera akupeta mpunga.

"Manje imwe a tate ake Chikondi, muzachita bwanji? Nchito ni nchito. Ana aba sazadya ulemu."

Iwe Chikondi unali pansi ukujambula, ndipo osadzutsa n'komwe mutu unati, "Just tell them, Dad." Ndinakuyang'ana n'kudziwa kuti ndabereka Mmereka.

Nzeru inandifikira ndili m'basi. Kwathu mlendo akakhalitsa sitimuuza kuti pitani. Timayang'ana kumwamba n'kunena kuti dzuwa lapendeka, kenako timamunyamulira kathumba kake n'kuti tiyeni ndikuperekezeni. Mlendo wanzeru amamva, amanyamuka ulemu wake uli wonse, ndipo palibe amene wachita manyazi. Ndinadziyamikira ndekha kuti ndine katswiri. Nthawi ya nkhomaliro itayandikira ndinapukuta manja, ndinatenga chikhoti ndi chipewa cha a Zelman pamsomali, n'kuima pambali pawo nditachitambasula.

"Bambo Zelman, kunja kwacha bwino. Ndikuperekezeni."

Patebulo panati zii. Ndinakumbukira za ambulansi ija. A Zelman anayang'ana chikhoticho, n'kundiyang'ana ine, ndipo maso awo ananyowa.

"Chimwalirireni mkazi wanga Rosa palibe amene anandigwirirapo chikhoti," anatero, n'kulowetsa manja pang'onopang'ono.

Tinatuluka, a Booker ndi a Costa akutitsatira ngati anthu a paukwati. Ndinayenda nawo mpaka pakona ya sitolo ya mankhwala, pomwepo ndinaima, n'kuwagwira chanza aliyense ndi manja awiri, n'kubwerera. Tebulo linali lopanda munthu. Alan anandikwezera chala chachikulu, ine mumtima ndikuti mwambo wa kwathu wagonjetsa Amereka.

Walira mvula walira matope. Ola limodzi lisanathe onse atatu anali atabwerera pamipando yawo, nkhope zikuwala. Anali atangozungulira mseu. Madzulo a Zelman anaimirira pafupi ndi msomali uja osagwira chikhoti, akundiyang'ana, kudikira. Iwo sanamve kuti ndikuwachotsa. Anamva kuti a Morris atamwalira, sitoloyo yayamba kuwapatsa ulemu watsopano. Mbiri inawanda m'dera lonse kuti kwa Morris kuli mnyamata wa ku Africa amene amavalika nkhalamba chikhoti n'kuiperekeza. Nkhalamba zimene zinali zitasiya kubwera zinayambiranso, zina ndi ndodo, ina ndi mpando wamatayala. Amati mlendo ndi mame, koma mame angawa dzuwa likakwera ndiye ankachuluka. Masana aliwonse, pamene mzere wafika pakhomo, ine wodula nyama wamkulu ndinkakhala ndili pamseu ndi gulu la agogo, akuyenda ngati akamba, akukangana za mpira.

"Ndinakupemphani kuti muchepetse anthu," anatero Alan, atagwira mutu. "Mwawawonjezera, ndipo inunso mwasowa."

Ndinayesa kumufotokozera tanthauzo la kuperekeza. Anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Ndiye ngati cholinga n'chakuti apite, bwanji mukuwachitira zabwino?" Zoona zake n'zakuti nanenso ndinali nditayamba kuikonda mphindi imeneyo. Pamseupo a Zelman sankakuwa. Ankandisonyeza pamene panali shopu yawo ya utelala, pamene panali bekare, pamene panali wometa tsitsi, malo onsewo tsopano ali oimikapo magalimoto.

1985

Tinakhala choncho kwa nthawi ndithu, Alan akupirira, ine ndikuthamanga pobwerera kuti ndikapeze mzere. Koma lendi inakweranso. Lachisanu lina Alan anandiuza kuti tebulo ndi mipando zichoke, m'malo mwake aikepo filiji ya zakumwa ndi shelefu ya zakudya zokutakuta. Anati ndizitulutse Loweruka tikatseka, ndiziike kuseri, galimoto idzazitenga.

Ndinaganiza zowauza eni tebulo aja, kuti amenye nkhondo. Anthu amene ankatha kukangana tsiku lathunthu pa mchere wa m'supu, nanga pa tebulo lawo adzagwetsa denga! Ndinawanong'oneza ndikuthira khofi, ndikuyembekezera bingu. A Costa anangokweza mapewa n'kunena kuti mwana wawo wakhala akuwaitana ku Florida. A Booker anandisisita pamkono.

"Ndi bizinesi, mwana wanga. Mnyamatayu ali ndi ana. Ku mall, kumasitolo akuluakulu aja, kuli mabenchi, ndipo kumatentha bwino."

A Zelman anangozunguza kapu yawo pambale. Ine ndinapsa mtima, osati ndi Alan koma ndi iwowo. Ndinkafuna wina amenye tebulo, atukwane, anene kuti malo ano tinawamanga ndife. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kukhwima nzeru kapena kutopa, kapena ngati m'dziko lino munthu amaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kuti mpando umene sanagule si wake.

Usiku wa Lachisanulo amayi anu anandikumbutsa kuti Tiyamike akufunika nsapato zachisanu, ndi kuti munthu wakuda wa zaka zanga sapeza ntchito pamseu. Zonsezo zinali zoona. Koma manja amene anavalika a Zelman chikhoti, omwewo akanyamule mpando wawo kukauika kudzala? Loweruka titatseka ndinavula epuloni, ndinaipinda bwinobwino, n'kuiika pakauntala pamaso pa Alan.

"Bwana, tebulo ilo sindinyamula. Ngati ntchito yatha, yatha."

Ndinali nditakonzeka kufa ngati msilikali. Alan anayang'ana epuloniyo, n'kundiyang'ana ine modabwa.

"Ndani wanena za kutha kwa ntchito? Ngati msana ukukuvutani mukanangonena. Ndiitana anyamata mawa."

"Si msana, bwana."

"Ndikudziwa kuti si msana, Wyson," anatero motsitsa mawu. "Lolemba mubwere m'mawa, kuli oda yaikulu ya ku maofesi."

Kulimba mtima konse kuja, kumene ndinasala nako tulo, kunathera pomwepo ngati madzi othira pamchenga. Sindinapulumutse mpando ngakhale umodzi, ndiponso palibe amene anandilanga. Ndinakwera basi osadziwa ngati ndapambana kapena ndagonja.

Lolemba pakona paja panali filiji yaitali yowala, ikulira ng'ung'ung'u. Pansi pankaoneka zizindikiro za miyendo ya tebulo. A Costa ndi a Booker sanabwere. A Zelman anafika nthawi yawo yamasiku onse, atavala tayi. Anaima pakhomo, anayang'ana filijiyo nthawi yaitali, kenako anafola pamzere kumbuyo kwa anyamata a m'maofesi ngati mlendo. Atafika pakauntala anaitanitsa khofi. Makapu adothi anali atachotsedwa, ndiye ndinawathirira m'kapu yapepala, manyazi atandigwira. Anamwa ataimirira, atatsamira ndodo, anthu akuwapempha kuti apatuke. Chikhoti sanavule, poti msomali nawonso unali utazulidwa. Atamaliza anandiyang'ana.

"Tiye, Wyson."

Alan anandigwedezera mutu kuti pitani. Tinayenda mpaka pa sitolo ya mankhwala. Ndinaima monga mwa nthawi zonse, n'kutambasula manja. Iwo sanandipatse chanza.

"Ndakhala ndikufuna kukufunsa. Bwanji umabwerera pano nthawi zonse? Kwathu ndi apo, nyumba yanjerwa iyo. Ulesi?"

"Iyayi bambo, ndi mwambo. Kwathu woperekeza safika pakhomo."

"Chifukwa?"

Ndinali ndisanaganizepo chifukwa chake chibadwire. Ndinanena zimene zinabwera m'mutu.

"Timasiya njira yosatha, kuti munthuyo adzabwerenso. Amene timamufikitsa pakhomo ndi amene sitikumuyembekezanso kwathu. Mkwatibwi, kapena maliro."

A Zelman anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu. Anatembenuka n'kuyang'ana kumene tinachokera, kumene mzere unali utatulukira panja pa khomo la deli. Kenako analowetsa dzanja lawo m'mkono mwanga, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mwambo wabwino," anatero. "Lero undifikitse pakhomo."

"Bambo Zelman, mawa khofi adzakhalapo. Ndidzakupezerani katoni yokhalira kuseri."

"Wyson, ndine telala. Ndimadziwa chovala chikasiya kukwana. Tiye."

Ndinawafikitsa. Tinakwera masitepe pang'onopang'ono, anatulutsa kiyi, anandigwira chanza ndi manja awiri monga ndinawaphunzitsira, n'kutseka chitseko. Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo m'nyumba yomweyo, ndipo ndinkawaona nthawi zina pawindo ndikamadutsa, n'kukwezerana dzanja. Koma pakona ya sitolo ya mankhwala sanaolokeponso kubwera mbali yathu.